Malo a Jenifer pa Lole

Ku Area 25 aliyense anali ndi chomwe ankadziwika nacho. Ena ankadziwika ndi mowa, ena ndi agalu olusa, ena ndi kukwatira pafupipafupi. A Anock Luhanga ankadziwika ndi kukweza anthu. Koma musayerekeze kuwatchula kondakitala, chifukwa akanakuyang'anani kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kukusiyani chiimire. Iwo ankagwira ntchito ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, pa geti lomwe apaulendo amatulukira popita kukakwera, ndipo tayi yawo sinkachoka pakhosi ngakhale dzuwa la Okutobala litalusa bwanji.

Kwawo kunali ku Rumphi. Anabwera ku Lilongwe ali mnyamata, bwalo lija litangotsegulidwa kumene, n'kuyamba ntchito yonyamula masutikesi. Ponyamulapo ankaonerera mmene anthu ankakwerera ndege, ndipo zinkawapweteka mumtima. Chimkuzamawu chikangoti nthawi yakwana, anthu onse ankadzambatukira limodzi n'kukaunjikana pa geti ngati kuti mipando itha, chonsecho aliyense ali ndi nambala yake pa tikiti. A mipando yakutsogolo ankalowa oyamba n'kuima pakanjira kapakati, uku akukankhira zikwama m'mwamba, uku akuvula majekete mwachifatse. Ena onse ankangoti ndondondo pa makwerero, dzuwa likuwawamba, ana akulira. Ndege inkanyamuka mochedwa, woyendetsa atatupa ndi mkwiyo, ndipo mawa lake zinali zomwezo.

Tsiku lina mnzawo wa pa geti atadwala, mabwana anaikapo a Luhanga. Iwo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anangotenga chimkuzamawu n'kulengeza kuti ayambe ndi a mipando yakumbuyo, ndipo mwa iwowo atsogole a pazenera. Ena onse akhale pansi mpaka ataitanidwa. Panali kung'ung'udza ndithu. Koma mzere unayenda osaima, chitseko cha ndege chinatsekedwa nthawi ikadalipo, ndipo kuyambira tsiku limenelo a Luhanga sananyamulenso sutikesi ya munthu.

Munthu chinthu chimodzi chikamuyendera, amafuna kuchilowetsa paliponse. Kunyumba kwa a Luhanga ana ankasamba motsatana, wa sukulu yakutali kuyamba. Kutchalitchi pemphero lomaliza silinkawalowa bwino, poganizira mmene anthu apanikizirane pakhomo potuluka. Akazi awo, a Beatrice, ankawaseka kuti tsiku lachiweruzo angelo adzapumako, chifukwa adzapeza bambo a Luntha ataika kale anthu pamzere. Iwo nthabwala imeneyi ankaimva kukoma, poiyesa chiyamikiro.

Zaka za m'ma 1990 zinabwera ndi maliro. Sankafa okalamba ayi. Ankafa aphunzitsi, makalaliki, anamwino, anthu a msinkhu woti aziika makolo awo. Ndipo munthu wa kumpoto saikidwa m'tauni ngati pali njira ina iliyonse; amapita kukagona kwawo. Choncho mwezi sunkatha lole isanaime pakhomo la munthu ku Area 25, bokosi litaikidwa kuseri kwa dalaivala, ulendo wa ku Rumphi kapena ku Mzimba.

Kukwera lole imeneyo inali nkhondo. Lole yoti inyamuke m'mawa inkanyamuka dzuwa litapendeka. Wina akwere, atsikenso kuti waiwala chitenje. Amayi ayambe nyimbo, ithe, ayambenso ina. Katundu akwezedwe, atsitsidwe, amangidwenso mwina. Anthu ankakwerera mbali zonse, ena poponda matayala, ena pokokedwa manja, mpaka dalaivala kuzimitsa injini n'kulumbira kuti sayenda. Ulendo wina maliro anafika kumudzi thupi litayamba kuvuta, ndipo akumudzi analankhula mawu omwe anthu a m'tauni anabwera nawo ali ndi manyazi. Apo m'pamene akuluakulu a bungwe la anthu a ku Rumphi anakumbukira kuti ali ndi munthu wawo amene amanyamutsa ndege.

A Luhanga anavomera akuluakulu aja asanamalize n'kupempha komwe. Dongosolo lawo linali losavuta. Onse aime kumbali, pokwerera pakhale pamodzi, kumbuyo. Ayambe achibale a magazi, akakhale pafupi ndi bokosi. Kenako akulu a mpingo. Kenako amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo ovala malaya oyera. Kenako a kwaya ndi a kuntchito kwa malemu. Ena onse pomaliza, ngati malo atsala. Wokwera wakwera, palibe kutsika, ndipo malo akatha chitseko chitsekedwe.

Zinayenda, zinayendadi. Maliro ankafika kumudzi kukadali kowala, madalaivala anasiya kulumbira, ndipo mbiri ya a Luhanga inafika ku Area 18 ndi ku Kawale, moti anthu ankabwera kudzawabwereka. Iwo ankapita mosanyinyirika, akusinthana mashifiti ndi anzawo, ndipo tinene chilungamo, ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akutumikira akufa. Mwa anthu onse, a Beatrice okha ndiwo sankayamikira. Tsiku lina akumanga duku anangoti amayi akale sankachedwetsa lole chifukwa cha uchitsiru. Koma bambo a Luntha anali atawerama kumanga zingwe za nsapato, ndipo sanafunse kuti akutanthauzanji.

Kuseri kwa nyumba yawo kunkakhala Collins Chavula, mnyamata wa ku Rumphi komweko, kalaliki pa kampani ina ya fodya ku Kanengo, woimba m'kwaya wa mawu okoma. Ankakhala ndi Jenifer, mtsikana wa ku Dowa amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Awiriwa anangolowana. Malowolo sanaperekedwe, kutchalitchi sanapite, ndipo chaka chilichonse Collins ankalonjeza akulu a mpingo kuti akonza zinthu fodya akatha. Fodya ankatha, wina n'kuyamba. Kwa abale ake Collins anali munthu wosakwatira, ndipo Jenifer dzina analibe, ankangomuti mayi uja.

Collins atayamba kudwala, mayi uja ndiye anamudwazika. A Luhanga sakanati sanaone. M'mawa uliwonse podikira basi ya kuntchito ankaona Jenifer akutulutsa Collins padzuwa atamukoleka paphewa, n'kumufunditsa bulangeti lofiira la mizere yakuda, poti munthuyo ankanjenjemera ngakhale kutatentha. Ankaona zofunda zochapa zitadzaza chingwe tsiku ndi tsiku. Anaonanso tsiku lomwe makina osokera anatuluka m'nyumba pa njinga ya munthu wina. Abale ankabwera Lamlungu, n'kukhala pang'ono pampando wa pafupi ndi khomo, n'kupita. Collins anamwalira m'nyengo yozizira ya 1996, mutu wake uli pamiyendo pa Jenifer.

M'mawa wa tsiku lonyamuka kunali chisanu. Lole yomwe inabwera inali yocheperapo, ndipo anthu anali ochuluka, poti Collins anali munthu wa anthu. A Luhanga anayang'ana lole, n'kuyang'ana khamu, n'kudziwa nthawi yomweyo kuti ambiri atsala. Anaima pa chitseko chakumbuyo atavala jekete lakuda. Jenifer anaima kumbali pamodzi ndi ena, bulangeti lija litapindidwa m'khwapa, mkulu wake Zipora atamugwira mkono.

"Achibale a magazi," anatero a Luhanga.

Jenifer anaponya phazi limodzi kutsogolo, n'kuyang'ana a Mcdonald Chavula, bambo ake aang'ono a Collins, amene anachokera kumudzi kudzatenga maliro. A Mcdonald anayang'ana nsapato zawo. Sanamukanize, sanamuitane. Jenifer anabweza phazi lija.

A Luhanga anaona zonsezi, ndipo ankadziwa kuti mawu awiri okha akanakwanira, akuti mayi kwerani. Koma ankadziwanso kuti a Mcdonald afunsa kuti akukwera ngati ndani, ndipo pamenepo mkangano uyambika pamaso pa bokosi, anthu agawikana, dzuwa likwera. Anadziuza kuti mayiyo akwera ndi ena onse pomaliza. Anaitana akulu a mpingo.

Pamene amayi a Umanyano ankakwera, a Beatrice podutsa ananong'oneza kuti, "Bambo a Luntha, mwana uja."

"Nthawi yake ifika," anayankha osawayang'ana.

Mayi wina wachikulire anagwira dzanja la Jenifer kuti amulowetse pakati pawo. Kale zikanatheka. Koma tsopano amayi anali pamzere wowongoka, mmodzimmodzi, onse malaya oyera, ndipo chitenje chakuda cha Jenifer chinkaonekera patali. Mkulu wina wa mpingo anatsokomola pamwamba pa lole. Mayi wachikulire uja anataya dzanja lija n'kukwera yekha.

Anakwera a kwaya, anakwera a kuntchito, ndipo malo anathera pomwepo. Dalaivala anagogoda pa chitsulo n'kunena kuti sawonjezera ngakhale nkhuku, apolisi a pamsewu angamulande laisensi. A Luhanga akanatha kutsitsa mnyamata mmodzi wa kwaya. Anawayang'ana anyamata aja, anyamatawo n'kuyang'ana kwina, ndipo lamulo loti wokwera wakwera analiika ndi iwo omwe, pamaso pa anthu omwewa. Anakweza chitseko n'kulowetsa zitsulo zotsekera.

Jenifer sanakuwe, sanadzigwetse pansi. Anangoyenda mpaka pomwe panali a Luhanga n'kutambasula manja onse awiri.

"Bambo Luhanga, mukamufunditse ili. Kwanu kumazizira."

"Musadandaule, mayi," anatero iwo.

Analandira bulangeti lija, n'kukwera kutsogolo, n'kulikankhira kuseri kwa mpando. Lole inanyamuka pa nthawi yake, dalaivala akuyamikira kuti maliro onse akanamayenda chonchi bwenzi ntchito ikukoma. Pa kalilole wa pambali a Luhanga ankaona Jenifer ataima pakati pa msewu, Zipora atamugwira, mpaka lole inakhota.

Kumudzi ntchito inawachulukira. Anatsitsa anthu mwadongosolo, anakonza za oika nkhata, anafupikitsa zolankhula za akuntchito, anaonetsetsa kuti obwerera adye msanga. Anthu akumudzi anawagwira chanza kuti m'tauni muli amuna. Pobwerera, atafika ku Kasungu, dalaivala anapisa dzanja kuseri kwa mpando kufuna kansanza kopukutira galasi, n'kusolola bulangeti lofiira la mizere yakuda. Anafunsa kuti n'landani. A Luhanga anati n'lawo, n'kuliika m'chikwama.

Atafika kunyumba analibisa pamwamba pa wodiropu, m'sutikesi yakale, osauza munthu. Koma za lole a Beatrice sanazisiye. Anadikira ana apite kusukulu, n'kukhala pansi moyang'anana ndi amuna awo.

"Mukuganiza kuti nyimbo zija tinkabwereza chifukwa chokonda kuimba?" anafunsa. "Pa maliro aliwonse pamakhala munthu amene satchulika. Mkazi wosalowoledwa, mwana wa kunja, m'bale amene anayambana ndi malemu. Tinkachedwetsa dala kuti anthu asokonezeke, timukokere pakati pathu, timufunditse chitenje. Akuluakulu ankadziwa, koma pachipwirikiti palibe amene amafunsidwa ngati wavomera. Inu munabwera n'kuyamba kufunsa aliyense kuti ndi ndani."

A Luhanga anakwiya, monga amachitira munthu akauzidwa zoona. Anafunsa chifukwa chake sanauzidwe zimenezi kale. A Beatrice anayankha kuti anawauza, koma iwo ankamanga nsapato.

Sipanapite nthawi, abale a Collins anabwera kudzatenga katundu, kuyambira bedi mpaka mapoto, ndipo mwini nyumba anapeza wina woikamo. Tsiku losamuka Jenifer anabwera pakhomo pa a Luhanga kudzatsanzika, akupita ku Mgona kukakhala ndi Zipora. Anakana mpando, n'kukhala pa khonde. Anafunsa mmene mwambo unayendera, amene analalikira, nyimbo yomwe kwaya inaimba potsitsa bokosi, ngati pamanda pali mtengo wa mthunzi. A Luhanga anayankha zonse mwatsatanetsatane, akutalikitsa dala, podziwa funso lomwe linali kubwera. Ndipo linabwera.

"Nanga bulangeti lija munamufunditsa?"

Sutikesi inali m'chipinda, khoma limodzi lokha pakati. Akanatha kudzuka, kukalitenga, kugwada n'kupepesa. Koma anaona nkhope ya mayiyo, mmene inawondera, mmene inkadikirira, ndipo mantha anawagwira.

"Tinamufunditsa bwinobwino," anatero.

Jenifer anagwada n'kuomba m'manja mwaulemu, akuthokoza kuti Mulungu awadalitse. Pa zonse zomwe zinachitika, kugwada kumeneku ndiko kunkawabwerera a Luhanga kwambiri, pa basi ya kuntchito, pa geti, ngakhale pakati pa pemphero. Anadziona kuti ndi munthu woipa, ndipo sanali kulakwitsa kwenikweni.

Anakonza mumtima mmene adzakonzere zinthu. Akadzatenga tchuthi adzapita ku Mgona, adzamutenga Jenifer pa basi mpaka ku Rumphi, adzaulula zonse panjira, ndipo awiriwo adzayala bulangeti lija pa manda a Collins. Linali dongosolo labwino, monga madongosolo awo onse. Tchuthi chinafika m'nyengo ya mvula, iwo n'kuti misewu ya kumudzi yaipa. Mvula itatha kunagwa maliro ena. Kenako mwana wawo Luntha analemba mayeso. Kenako anamva kuti Jenifer akutsokomola, n'kuti adikire apeze bwino kaye, ngakhale aliyense wa zaka zimenezo ankadziwa kumene chifuwa chotere chinkathera. Munthu amene ankanyamutsa ndege pa nthawi yake analephera kukwera minibasi yopita ku Mgona, komwe munthu akhoza kupita ngakhale wapansi.

Kuntchito anzawo anaona kusintha. Okwera onse akatuluka, a Luhanga sankatseka geti msanga ngati kale. Ankazungulira m'chipinda chodikirira, kusuzumira kuseri kwa mipando, kugogoda kuchimbudzi, kuitananso pa chimkuzamawu ngakhale anthu atakwana. Anzawo ankati mdala wayamba kukalamba. Za maliro anazisiya, ponamizira mashifiti. Koma kusiyako sikunathandize kanthu, chifukwa dongosolo linali litakhazikika. Anyamata ena a m'bungwe analitenga, ndipo a Luhanga akapita kukakhuza maliro ankamva mnyamata ataima pa chitseko cha lole akuitana achibale a magazi ndi mawu ofanana ndi awo. Ankayang'ana kumbali kwa khamu, ndipo nthawi zambiri ankamupeza munthu wake, mayi kapena mtsikana ataima ndi kathumba, akuponya phazi n'kulibweza.

Uthenga unafika m'chaka cha 1998, Loweruka m'mawa. A Beatrice anabwera kuchokera kumsika, n'kutula dengu, n'kunena kuti Jenifer watisiya, ndipo maliro anyamuka tsiku lomwelo kupita ku Dowa.

"Tsitsani chinthu chija pamwamba pa wodiropu," anatero a Beatrice. "Musandiyang'ane choncho. Nyumba ino ndimasesa ndine."

A Luhanga anaika bulangeti lija m'jumbo n'kunyamuka okha, a Beatrice atakana kuwaperekeza. Aka kanali koyamba kutuluka pakhomo osavala tayi.

Ku Mgona lole sinathe kufika pa nyumba ya siwa chifukwa cha kuchepa kwa tinjira, choncho inaima kumsewu, pafupi ndi ogulitsa makala. Inabwerekedwa kuntchito kwa mwamuna wa Zipora, ndipo inayenera kunyamuka m'mawa. A Luhanga anafika dzuwa lili pamutu, lole ikadali pomwepo. Bokosi linali litakwezedwa kale. Anthu ankakwerera mbali zonse, poponda matayala, pokokana manja, makanda akudutsa pamitu kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Thumba la ufa linakwezedwa n'kutsitsidwanso. Amayi ankaimba, nyimbo ikatha wina n'kuyambitsa ina. Dalaivala anali atakhala pansi pa mtengo, atataya mtima.

A Luhanga anaima kumbali ndi jumbo lawo. Mwachizolowezi makutu awo ankadikira kuti wina aitane, ndipo podikirapo anayamba kudzifunsa kuti akanaitana, iwo akanakwera ndi gulu liti. Sanali wachibale. Sanali wa mpingo wa malemu. Sanali wa kuntchito, ngakhale mnansi sanalinso. Pa lole yawo ija munthu wotere akanatsala, ndipo iwo akanatseka chitseko ndi mtima woyera. Anaganiza zongopereka jumbo lija kwa munthu wina n'kubwerera, koma sanachoke pomwepo.

Zipora anali pamwamba, pafupi ndi bokosi, maso atatupa. Anawaona, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Kenako maso ake anatsikira pa jumbo, pomwe ngodya yofiira ya mizere yakuda inatulukira. Anadutsa pakati pa amayi mpaka m'mphepete mwa lole, n'kuwerama.

"Bulangeti ilo ndikulidziwa," anatero, mawu ake ali pansi.

"Mayi, ine ndinalakwa. Ndinaiwala, kenako ndinanama."

"Mpaka tsiku lomaliza ankanena za inu," anatero Zipora. "Akamanjenjemera ankati bola Collins sakumva kuzizira. Ankati a Luhanga ndi munthu wadongosolo, sangaiwale."

A Luhanga analakalaka mayiyo atawatukwana, atawalavulira, atauza anyamata a ku Mgona kuti awathamangitse. Zikanawapepukira. Koma Zipora anatembenukira kwa amayi n'kunena kuti, "Senderani, bambowa akwere."

Palibe amene anafunsa kuti bambowa ndi ndani. Manja anatsika, ena kugwira mkono, ena jekete, ndipo a Luhanga anakokedwa ngati thumba la chimanga, bondo likukhula pa chitsulo. Anthu anafinyana, mayi wina ananyamula mwana wake n'kumuika pamiyendo pa mnzake, ndipo malo anapezeka pomwe panalibe malo. Anawakankhirakankhira kutsogolo mpaka mawondo awo anagunda bokosi, pamalo pomwe iwo ankakhazika achibale a magazi.

Anatulutsa bulangeti m'jumbo n'kulipereka kwa Zipora ndi manja awiri. Zipora sanalilandire.

"Analipereka m'manja mwanu," anatero. "Funditsani nokha."

A Luhanga anagwada pakati pa mapazi a anthu n'kulitambasula. Linali likununkhabe sopo wa Jenifer pamodzi ndi fungo la m'sutikesi. Analiyala pa bokosi, n'kuwongola ngodya zonse, n'kulowetsa m'mbali kuti mphepo ya panjira isalichotse, misozi ikugwera pa manja awo. Kumbuyo mayi wina anakuwa kuti adikire, pali munthu wina akubwera, ndipo amayi anayambanso nyimbo ina.